Kuphunzira za amayi ku yunivesite: digiri yonse, kuphatikiza, mastazi kapena satifiketi?

Anthu awiri akhoza kunena kuti anaphunzira za amayi ku yunivesite, koma mukawapatsa ntchito imodzi mupeza kuti wina akutha kuwerengetsa maola amene amayi amathera pa ntchito zosalipidwa, pomwe mnzakeyo akulemba bwino za mbiri ya mabungwe a amayi koma tebulo la ziwerengero likumuzunguza mutu. Palibe wanama. Analowa m'phunziroli mwa njira zosiyana. Pali otenga digiri yoyamba yonse pa phunziroli, pali oliphatikiza ndi lina, pali odikira mpaka pa mastazi, pali ongotenga satifiketi ya miyezi yochepa, ndiponso pali ena amene salowa n'komwe m'dipatimentiyo koma amalemba kafukufuku wa za amayi ali ku zachuma, ku zamalamulo kapena ku zaumoyo.

Maganizo athu tiwanene poyera: phunziroli limanola diso. Limaphunzitsa munthu kufunsa kuti ndani sanawerengedwe, ndani akugwira ntchito imene siikulembedwa paliponse, lamuloli likumugwera bwanji mkazi wamasiye kusiyana ndi mwamuna wapabanja. Koma kuyankha mafunso amenewa kumafuna dzanja lodziwa ntchito inayake: ziwerengero, malamulo, zaumoyo, kufufuza zikalata zakale. Poyeza njira zonsezi, tikuyang'ana ngati munthu angatulukemo ndi ziwiri zonsezo.

Dzina la digiri lisakunamizeni

Pulogalamu yoyamba yathunthu ya women's studies, maphunziro a za amayi, inayamba ku San Diego State College ku America mu 1970, ndipo inachokera m'gulu la amayi omenyera ufulu wawo amene ankaona kuti mbiri, zachuma ndi zamankhwala zinkaphunzitsidwa ngati kuti munthu ndi mwamuna basi. Chaka chomwecho Ester Boserup, katswiri wa zachuma wa ku Denmark, anaonetsa kuti m'madera ambiri a Africa amayi ndiwo ankalima kwambiri, pomwe maphunziro a ulimi, zipangizo ndi ngongole zinkapita kwa amuna. Misonkhano ya United Nations ya ku Mexico City mu 1975, ku Nairobi mu 1985 ndi ku Beijing mu 1995 inachititsa kuti maboma ndi mabungwe ayambe kufuna anthu odziwa nkhanizi. Ewha Womans University ya ku Seoul inatsegula mastazi yake mu 1982, Makerere ya ku Uganda inakhazikitsa dipatimenti yake mu 1991, ndipo African Gender Institute ya ku University of Cape Town inabwera mu 1996.

Mbiri imeneyi ili ndi ntchito kwa wosankha sukulu, chifukwa ikusonyeza kuti phunziroli lili ndi mizu iwiri. Wina ndi wa mabuku, mbiri ndi nzeru zakuya. Wina ndi wa chitukuko ndi ndondomeko za boma. Lero mupeza maina monga Women's Studies, Gender Studies, Gender and Development, kapena Women's, Gender and Sexuality Studies, ndipo madigiri awiri a dzina limodzi akhoza kukhala osafanana n'pang'ono pomwe. Werengani mndandanda wa makosi okakamizidwa. Pamenepo m'pamene pali nkhope yeniyeni ya digiriyo.

Digiri yoyamba yonse pa phunziroli

Tanthauzo la "yonse" limadalira dziko. Ku America digiri ya zaka 4 imakhala ya makirediti pafupifupi 120, ndipo phunziro lalikulu, limene amati major, limatenga 30 mpaka 36, ndiye kuti makosi 10 kapena 12. Mbali yotsalayo ndi yaikulu, ndipo wophunzira wochenjera amaidzaza ndi luso lina. M'mayiko otsatira dongosolo la Britain, digiri ya phunziro limodzi imadya pafupifupi zaka zonse zitatu, mpata wa zina n'kuchepa. Ku Britain komweko madigiri oyamba ambiri a women's studies yokha anatsekedwa, ndipo phunziroli likupezeka kwambiri pa mastazi.

M'kati mwake mumakhala kosi yoyambira, kosi ya maganizo a omenyera ufulu wa amayi (feminist theory), kosi ya njira za kafukufuku, mbiri ya magulu a amayi, makosi osankha okha, kenaka kafukufuku wotsiriza kapena kukaphunzira ntchito ku bungwe. Ubwino wake ndi wooneka. Makalasi amakhala aang'ono, aphunzitsi amadziwa ophunzira ndi maina, ndipo munthu amalemba kwambiri, mwina kuposa anzake a m'madipatimenti akuluakulu. Akamamaliza amakhala atazolowera kuwerenga nkhani yovuta n'kuigawa mfundo ndi mfundo. Kwa amene akudziwiratu kuti adzapitiriza ku sukulu ya zamalamulo, ya utolankhani kapena ya uphungu, maziko amenewa ndi olimba.

Vuto loyamba lili pa kosi ya njira za kafukufuku. Nthawi zambiri imakhala imodzi, ya semesita imodzi, ndipo m'masabata 12 mpaka 15 amenewo imayesa kukhudza kucheza ndi anthu, zokambirana za m'magulu, ziwerengero, zikalata zakale ndi malamulo a kafukufuku. Chilichonse chimapeza masabata awiri kapena atatu. Wophunzira amatuluka akudziwa maina a njirazo koma sangathe kugwiritsa ntchito ina iliyonse payekha. Ngati mwasankha njira imeneyi, konzani nokha vutoli: tengani makosi awiri otsatizana a ziwerengero ku dipatimenti ya zachuma kapena ya sociology, kapena awiri a kafukufuku wocheza ndi anthu ku anthropology. Kosi imodzi siyokwanira, chifukwa yoyambayo imathera pa kufotokoza ndipo ntchito yeniyeni imayamba mu yachiwiri.

Vuto lachiwiri ndi lobisika, ndipo ophunzira ambiri amalizindikira ali kale chaka chachitatu. M'mayunivesite ambiri phunziroli si dipatimenti yoima payokha. Ndi pulogalamu imene imabwereka aphunzitsi ndi makosi ku madipatimenti ena. Kosi ya amayi ndi malamulo mwini wake ndi sukulu ya zamalamulo. Ya amayi m'mbiri ya Africa mwini wake ndi dipatimenti ya mbiri. Mphunzitsi wa kosiyo akapita ku tchuthi cha kafukufuku kapena akasamuka, kosiyo imasowa ndipo palibe amene ali ndi udindo woibwezeretsa. Malo akachepa, amayamba kulembedwa ndi ophunzira a dipatimenti yomwe ndi mwini. Ndipo popeza ndandanda za makalasi zimakonzedwa m'maofesi osiyana, makosi awiri amene mukuwafuna amagwa tsiku limodzi ola limodzi.

Kuti mudziwe ngati zili choncho, musadalire kabuku kotsatsa sukulu, chifukwa m'menemo mumalembedwa kosi iliyonse imene inavomerezedwapo, ngakhale yomwe inaphunzitsidwa komaliza zaka 6 zapitazo. Pemphani ndandanda za masemesita anayi apitawa, muwerenge makosi amene anachitikadi. Kenaka funsani kuti ndi aphunzitsi angati amene analembedwa ntchito m'dipatimenti yomweyo. Akakhala mmodzi kapena awiri, digiri yanu yatsamira pa anthu amenewo.

Kuphatikiza ndi phunziro lina

Kwa ophunzira ambiri a digiri yoyamba, njira imene timaiona kuti ndi yolimba ndi iyi. Ili pawiri: maphunziro awiri akuluakulu ofanana mphamvu, kapena limodzi lalikulu ndi lina laling'ono lotchedwa minor, limene ku America limakhala la makirediti 15 mpaka 21, makosi asanu mpaka asanu ndi awiri.

Taonani mmene ziwirizi zimathandizirana. Wophunzira zachuma wapatsidwa ntchito yoyeza mmene anthu amagwiritsira ntchito nthawi. Chida chake ndi fomu ya maola 24, yogawidwa m'timagawo ta mphindi 10 kapena 15, ndipo pa kagawo kalikonse munthu amanena zimene ankachita. Mayi akuti kuyambira 6:00 mpaka 6:30 ankaphika. Zalembedwa. Koma nthawi yomweyo anali ndi mwana kumbuyo ndipo ankamvetsera ngati mkulu wodwala m'chipinda china akuitana. Fomu ikakhala ndi danga limodzi la "ntchito yaikulu", kulera ndi kudwazika zonse zafufutika, ndipo lipoti lidzati ntchito yosamalira ena ndi yochepa. Amene anaphunzira za amayi amaona kuti pakufunika danga lachiwiri la zimene zinkachitika pamodzi, ndi lachitatu lofunsa kuti munthuyo anali ndi yani. Koma kuti asankhe mabanja oyenera kufunsidwa, alinganize masiku a m'kati mwa sabata ndi a kumapeto, n'kutulutsa chiwerengero chodalirika, akufunika luso la ziwerengero. Kafukufuku wa mtundu umenewu ndi amene anathandiza ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, kunena mu 2018 kuti amayi amagwira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a maola onse a ntchito yosamalira ena yosalipidwa padziko lonse.

Ndi zamalamulo zimayendanso chimodzimodzi. Wophunzira amawerenga pangano la United Nations lothetsa tsankho kwa amayi (CEDAW) la mu 1979 kapena la African Union la ufulu wa amayi (Maputo Protocol) la mu 2003 akudziwa mbiri yake, komanso akudziwa kusiyana kwa dziko kusaina pangano, kulivomereza, ndi kuliika m'malamulo ake kuti khoti lithe kuligwiritsa ntchito. Zaumoyo, zamaphunziro, zaulimi ndi utolankhani nazonso zimagwirizana nalo bwino.

Zovuta zake ndi za dongosolo. Madigiri a unamwino, uinjiniya ndi udokotala amakhala odzaza kale, kosi iliyonse ili ndi malo ake, moti kulowetsa zina kumatanthauza semesita yowonjezera ndi ndalama zake. Ophunzira amenewa kuli bwino adikire mastazi kapena satifiketi. Chinanso, mayunivesite amaika malire pa makosi amene angawerengedwe mbali zonse ziwiri. Ena amalola imodzi kapena awiri, ena salola n'komwe. Funsani zimenezi chaka choyamba, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri pa minor ndi kutola makosi asanu osangalatsa osayenderana: ya mafilimu, ya masewera, ya chipembedzo, kosi ya maganizo ndi ya njira za kafukufuku n'kuzidumpha chifukwa zimamveka zovuta. Pa chikalata cha magiredi palembedwa minor, koma mutu ulibe nsanamira. Yambani ndi kosi yoyambira, yachiwiri ikhale ya maganizo, yachitatu ya kafukufuku, ndipo zotsalazo zikhale zogundana ndi phunziro lanu lalikulu.

Mastazi

Apa ndi pamene mizu iwiri ija imasiyanirana kwambiri, ndipo kulakwitsa posankha kumawawa chifukwa nthawi ndi yochepa, ndalama n'zambiri.

Mastazi ya mtundu wa Gender and Development, monga imene imaphunzitsidwa ku Institute of Development Studies ku Sussex, ku Britain, imakonzekeretsa munthu kugwira ntchito m'mapulojekiti ndi m'maunduna. Mumaphunzira zida zounikira, monga ya Harvard imene imafunsa kuti ndani amachita ntchito iti, ndani amagwiritsa ntchito chuma ndipo ndani amachilamulira. Kapena ya Caroline Moser imene imagawa ntchito za amayi patatu, zopezera chuma, zosamalira banja ndi za m'dera, n'kusiyanitsa zosowa za lero, monga madzi kukhala pafupi, ndi zosowa zosintha mphamvu, monga mkazi kukhala ndi malo m'dzina lake. Mumaphunziranso kuunika bajeti ndi kuyeza zotsatira za pulojekiti. Ngozi yake ndi yakuti zidazi zimasanduka mafomu ongodzaza. Munthu amalemba kuti pa msonkhano panali amayi 40 ndi abambo 35, n'kuganiza kuti wamaliza, osafunsa kuti analankhula ndani ndipo chomwe chinamangidwa anachifuna ndani.

Mastazi ya maganizo, imene imatchedwa Gender Studies kapena Women's Studies basi, imakhala ya kuwerenga kwambiri: nzeru zakuya, mbiri, zolembalemba, ndale. Ndi yabwino kwa wofuna udokotala wa maphunziro (PhD), uphunzitsi wa pa yunivesite kapena ntchito yolemba. Wochokera ku sayansi kapena ku akaunti amavutika masabata oyamba, chifukwa chilankhulo cha mabukuwo n'cholemera ndipo mayeso ake ndi nkhani zazitali zotsutsana ndi olemba, zopanda yankho limodzi lolondola. Zimatheka, koma pemphani mndandanda wa zowerenga miyezi iwiri musanayambe.

Kutalika kwake nakonso kuli ndi zotsatira. Ku Britain mastazi imakhala ya chaka chimodzi, makirediti 180, mwa amenewo 60 ndi a kafukufuku wa mawu 10,000 mpaka 15,000 wolembedwa m'miyezi itatu kapena inayi yotsiriza. M'mayiko ambiri a ku Europe ndi zaka ziwiri, makirediti 120 m'kawerengedwe ka kumeneko kotchedwa ECTS. Chitsanzo ndi GEMMA, mastazi ya mayunivesite angapo imene imatsogoleredwa ndi University of Granada ya ku Spain, ndipo wophunzira amaphunzira m'mayiko awiri. Pa ya chaka chimodzi, chimene chimagwetsa anthu ndi chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu. Mutu ukakhudza nkhanza, ana, kuchotsa mimba kapena othawa kwawo, komitiyo imaunika mozama, imabweza fomu kuti mukonze, ndipo ngati kafukufukuyo achitikira m'dziko lina pamafunikanso chilolezo cha kumeneko. Masabata amatha. Wophunzira amene anayamba kupempha mochedwa amakakamizika kusintha mutu, n'kulemba za mabuku okhaokha. Ngati mtima wanu uli pa kukacheza ndi anthu pa nkhani zoterezi, sankhani ya zaka ziwiri, apo ayi perekani fomuyo semesita yoyamba isanathe.

Nthawi yabwino yopitira ku mastazi, makamaka ya chitukuko, ndi mutagwirako ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Namwino, mphunzitsi, loya kapena mlangizi wa zaulimi amafika ali ndi luso kale komanso mafunso ake, ndipo mabuku amakhala ndi pogwera.

Pali chinthu china choyenera kuchiyang'ana pa mastazi iliyonse, ngakhalenso pa digiri yoyamba: olemba amene ali pa silabasi ndi a kuti? Kimberlé Crenshaw, amene mu 1989 anafotokoza mmene tsankho la mtundu ndi la ukazi zimalumikizirana, anayambira pa milandu ya amayi akuda ku America, kuphatikizapo wina wa kampani ya General Motors umene khoti linakana kuona tsankho la mitundu iwiriyo ngati chinthu chimodzi. Mfundoyo ndi yamphamvu, koma inabadwira m'makhoti a dziko limodzi. Chandra Mohanty anadzudzula mu 1984 chizolowezi cholemba za amayi onse a m'mayiko osauka ngati munthu mmodzi wovutika wopanda mawu. Ifi Amadiume mu 1987 anaonetsa kuti pakati pa Aigbo a ku Nnobi ku Nigeria mwana wamkazi ankatha kutenga udindo wa mwana wamwamuna, ndipo Oyèrónkẹ́ Oyěwùmí mu 1997 ananena kuti pakati pa Ayoruba akale ukulu wa msinkhu unali wofunika kuposa kukhala mwamuna kapena mkazi. Akatswiri ena anatsutsa mfundo yakeyo, ndipo mkangano umenewo ndiwo phunziro lenileni. Silabasi imene yaika Africa, Asia ndi Latin America yense m'sabata imodzi ya kumapeto idzakupatsani zida zosakwanira, kulikonse kumene mukagwire ntchito.

Satifiketi ndi makosi aafupi

Zilipo zamitundu iwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Ina ndi satifiketi ya yunivesite, ya makosi anayi kapena asanu okhala ndi mayeso ndi makirediti, imene nthawi zina imawerengedwa mukadzafuna kupitiriza mastazi pa sukulu yomweyo. Ina ndi pepala longosonyeza kuti munatsatira kosi ya masiku ochepa kapena ya pa intaneti, monga zimene UN Women, bungwe la United Nations loona za amayi, imapereka. Yachiwiriyi ndi yothandiza kwa munthu amene ku ntchito amuuza mwadzidzidzi kuti ndiye aziona za jenda: m'masabata ochepa adziwa mawu ofunika, mapangano akuluakulu ndi zida zoyambira. Koma palibe amene adzawerenge zolemba zake n'kumuuza kuti apa mfundo ilibe umboni, ndipo kuphunzira kwenikweni kumachitikira pamenepo. Musailembe pa CV ngati digiri. Ndipo musanalipire satifiketi ya mtundu woyamba, funsani ngati makirediti ake amasamutsika komanso amatha ntchito pakapita zaka zingati.

Kukhala ku phunziro lanu n'kufufuza za amayi

Njira imeneyi siwononga ndalama zina, ndipo dzina la digiri limakhala lodziwika kwa olemba ntchito. Zonse zimatsamira pa supavaiza. Akakhala wodziwa nkhanizi, kafukufuku amatuluka wabwino kuposa wa ambiri a m'dipatimenti ya za amayi. Akakhala wosadziwa, zolakwika zimadutsa popanda woziona.

Cholakwika chodziwika ndi kuyerekeza mabanja otsogoleredwa ndi amayi ndi otsogoleredwa ndi abambo, n'kunena kuti tayeza kusiyana kwa amuna ndi akazi. Amayi ambiri amakhala m'mabanja amene pa fomu mutu wake ndi bambo, ndipo kuyerekeza kotereku sikunena kanthu za iwo: ngati amadya mofanana ndi ena, ngati ndalama ya zokolola imafika m'manja mwawo, ngati angapite kuchipatala osapempha. Komanso gulu la mabanja a amayi limasakaniza wamasiye wopanda chilichonse ndi mayi amene mwamuna wake ali kunja ndipo amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Kuti muone za m'nyumba muyenera kufunsa munthu payekha, osati banja.

Pa kafukufuku wa nkhanza, kulakwitsa kumavulaza munthu. Malangizo a mu 2001 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi omveka: m'nyumba imodzi afunsidwe mkazi mmodzi yekha, kuti ena asadziwe zimene zafunsidwa; kafukufukuyo adziwike kwa apabanja ndi kwa anthu a m'dera ndi dzina lina, monga la umoyo wa amayi; kucheza kuchitike popanda wina womva; wofunsa akhale ndi mafunso ena apadera oti asinthireko mwamuna kapena wachibale akalowa mwadzidzidzi; ndipo akhale ndi maina a malo othandiza oti apereke kwa wofuna thandizo. Wophunzira amene sanamvepo izi akhoza kufika pakhomo n'kuwerenga mutu wa kafukufuku wake mokweza pamaso pa banja lonse. Iye adzabwerera ku sukulu, mayiyo atsala ndi mwamunayo usiku umenewo. Choncho wosankha njira imeneyi atenge kosi imodzi ya njira za kafukufuku ku dipatimenti ya za amayi, ndipo apemphe supavaiza wachiwiri wochokera kumeneko. Mayunivesite ambiri amalola.

Za udokotala wa maphunziro tinene mwachidule. Emory University ya ku America inatsegula PhD ya women's studies mu 1990, ndipo ena anatsatira. Koma malo a uphunzitsi m'madipatimenti amenewa ndi ochepa, pomwe madipatimenti a mbiri kapena a sociology amakonda kulemba anthu a PhD ya phunziro lawo. N'chifukwa chake ambiri amatenga PhD ya phunziro lina, n'kuwonjezerapo satifiketi ya za amayi.

Zimene digiri iliyonse mwa izi sipereka

Palibe mwa njirazi imene imapatsa munthu chilolezo chokhala phungu, loya, namwino kapena mphunzitsi wa sekondale. Ophunzira ambiri amalowa akufuna kuthandiza amayi ochitiridwa nkhanza maso ndi maso, n'kudzapeza kuti ntchito imeneyo imafuna digiri ya social work, ya psychology kapena ya zamalamulo, ndi kulembetsa ku bungwe la ntchitoyo. Ngati cholinga ndi chimenecho, phunziro lalikulu likhale limenelo. Ntchito zimene zimatchula jenda m'dzina lake zimafunsa zinthu zogwirika: kodi mungaunike ziwerengero zogawidwa amuna ndi akazi, kodi mungalembe pempho la ndalama za pulojekiti, kodi munagwiritsapo ntchito mapulogalamu a kompyuta ounikira zotsatira za kafukufuku monga SPSS, Stata, R kapena NVivo, kodi mungaphunzitse gulu la anthu akuluakulu amene sakugwirizana nanu.

Dziwaninso kuti phunziroli limakhudzidwa ndi ndale. Mu 2018 boma la Hungary linachotsa mastazi ya gender studies pa mndandanda wa madigiri ovomerezeka, ndipo mu 2023 akuluakulu a New College of Florida anaganiza zothetsa pulogalamu yawo. Mapulogalamu aang'ono amathanso kutsekedwa kapena kuphatikizidwa ndi ena ndalama zikachepa. Funsani ngati digiriyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dzikolo komanso kumene mukufuna kukagwira ntchito, ndiponso chimene sukulu imalonjeza kwa ophunzira amene ali pakati pulogalamu ikatsekedwa.

M'kalasi, nkhani zina zimafika pamtima. Mwa ophunzira 20 amene akukambirana za kugwiriridwa kapena za ukwati wa ana, mumakhala ena amene zinawachitikira. Mphunzitsi wabwino amanena pasadakhale zimene zikubwera, sakakamiza munthu kuulula za moyo wake, ndipo amakumbutsa kalasi kuti zimene munthu mmodzi anaona ndi poyambira funso, umboni ukafunidwabe. Amuna nawonso amaphunzira makosi amenewa ndipo ali ndi malo, makamaka tsopano pamene madipatimenti ambiri akuphunzitsanso za mmene anyamata amaleredwera kukhala amuna. Ngati sukulu ikulola, khalani nawo m'kalasi imodzi musanalembetse, muone ngati wotsutsa mwaulemu amayankhidwa ndi mfundo.

Mukatsala ndi sukulu ziwiri kapena zitatu, pitani ku laibulale yawo kapena pa tsamba limene amasungapo ntchito za ophunzira, mutenge ma thesis atatu a chaka chatha, osati okhawo amene analandira mphoto. Tsegulani mutu wa njira za kafukufuku. Onani ngati wolembayo wanena anthu amene anacheza nawo, mmene anawasankhira, chilankhulo chimene anagwiritsa ntchito, amene anamasulira, ndi zimene kafukufukuyo sangathe kunena. Kenaka pitani ku mutu wotsiriza, muone ngati zimene akulimbikitsa zikuchokera pa zimene anapeza, kapena ndi mawu oti akanalembedwa asanapite n'komwe kukafunsa anthu. Pa tsamba loyamba lembani dzina la supavaiza, mukafufuze ngati akadali pa sukuluyo ndiponso ngati akulandira ophunzira atsopano chaka chimene inu mukufuna kuyamba.